Za Kagawidwe ka Malo Okhala pa Boma la Dedza



Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 30,000 pa boma la Dedza, ndipo nyumba zikunka zichulukira m'mbali mwa msewu wa M1 ndi m'tsinde mwa phiri. Maploti ena asanagawidwe, tiyeni tione zimene zidachitika ku Lilongwe.

Likulu litachoka ku Zomba m'chaka cha 1975, mzinda watsopanowo udayalidwa molekanitsa anthu. Akuluakulu adalandira malo otakasuka ku Area 10, pafupi ndi Capital Hill. Antchito awo adaikidwa kutali. Osowa malo adadzimangira ku Mtandire, ku Mgona ndi ku Chinsapo. Mlonda wolandira ndalama zochepa ndiye amayenda mtunda wautali kuposa bwana wake. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi utasefukira, nyumba zimene zidagwa zinali za ku Mtandire.

Ena amati vuto ndi kuthithikana. Ife sitikuvomereza. Mayi amene ali ndi okala kumaso kwa nyumba yake amagulitsa uku akuyang'anira ana. Telala wa pakhonde salipira minibasi, ndipo chipinda chochititsa lendi kuseri chimasamala agogo amene alibe penshoni. Chimene chimapweteka osauka ndi kuthithikana kopanda madzi, ngalande, zimbudzi ndi chikalata cha umwini wa malo. Kumeneko ndowa ya madzi ogula imadula, kolera imafala msanga, ndipo banja limagona ndi mantha oti tsiku lina lidzagumuliridwa nyumba.

Tikukumbukiranso chaka cha 2006, pamene boma lidachotsa mavenda m'misewu. Ukhondo unkafunika ndithu, koma ambiri adatumizidwa kumene ogula safikako.

Lamulo la kayalidwe ka malo la 2016 lidapatsa makhonsolo udindo wokonza mapulani a madera awo. Choncho tikupempha khonsolo ya Dedza kuti ilole malonda ang'onoang'ono ndi pogona kukhala pa ploti imodzi, igawe maploti aang'ono otsika mtengo pafupi ndi msika, ndiponso mipope ndi ngalande zifike anthu asanamange. Mndandanda wa olandira maploti uzimatidwa poyera.

Inu a m'miphakati, itanani makhansala ndi mafumu anu. Afunseni kuti pulani ya boma lino ili kuti, ndipo amayi ogulitsa kachewere pamsewu awasungira malo ati m'menemo.