Kambozi kolowa m'tsamba la matimati

 Lero ndikufuna tikambirane za kachilombo kamene kakutisowetsa mtendere m'madimba a matimati. Alangizi amakatchula kuti Tuta absoluta.

Kachilomboka si ka kuno ayi. Kwawo ndi ku South America, ndipo akatswiri anayamba kukalemba m'mabuku m'chaka cha 1917 atakapeza ku Peru. Mu 2006 kanapezeka ku Spain, mu 2008 kanali kataoloka nyanja kufika kumpoto kwa Afirika, mu 2014 ku Tanzania, ndipo mu 2016 kanapezeka kuno ku Mozambiki ndi ku Zambia. Ulendo wonsewu sikanayende ndi mapiko okha. Kamakwera nawo galimoto m'matimati, m'mabokosi ndi m'mbande zimene timagulitsana.

Tsono tiyeni tione moyo wake. Mayi wake ndi kagulugufe kotuwa, kosafika ngakhale sentimita imodzi. Masana kamabisala m'masamba, kamauluka dzuwa likalowa. Kakakazi kamodzi kangathe kuikira mazira opitirira 200, ambiri kunsi kwa tsamba. Pakapita masiku 4 mpaka 6 mazirawo amaswa timbozi. Kambozi kakangotuluka, sikachedwa, kamaboola tsamba n'kulowa m'kati. M'menemo kamadya mnofu wobiriwira n'kusiya khungu la pamwamba ndi la pansi. Madontho oyera mumawaona aja, okhala ndi tindowe takuda m'kati, ndiye nyumba yake. Tsamba mukaliyang'anitsa padzuwa mumakaona kali phee. Kamadya pafupifupi masabata awiri, ndipo kamalowanso m'nsonga ndi m'chipatso. Kakakhuta kamatsikira m'dothi, kapena kamadzikulunga patsamba pomwepo, n'kugona masiku ngati 10. Kenaka kamatuluka kali kagulugufe. Zonsezi ndi mwezi umodzi basi, kukatentha zimafulumirapo. Pachaka kangathe kubadwa mibadwo 10 kapena 12.

Mwaona chifukwa chake ambirife timapopera mankhwala koma osaphula kanthu? Kambozi kali m'kati mwa tsamba mankhwala ambiri sakafikira bwino. Komanso tikamabwereza mankhwala amodzimodzi, kachilomboka kamawazolowera. Ndalama zapita, matimati aola, pamsika palibe chotenga. Munda wosasamalidwa ungathe kutheratu wonse.

Chochita n'chiyani? Tiziyendera dimba kawiri pa sabata kuyambira ku nazale, tikutembenuza masamba. Tsamba logwidwa ndi matimati oboola tizichotse n'kukwirira m'dzenje lakuya, osataya m'mphepete mwa munda. Tikakolola tizizula mitengo yonse n'kuitentha. Pamalo pomwepo tibzalepo chimanga, nyemba, anyezi kapena kabichi. Mbatatesi, mabiringanya ndi mnadzi ndi abale a matimati, kachilomboka kamadyanso zimenezo. Ena muli ndi misampha ya fungo yokopa tiamuna: ikayamba kugwira tambiri, dziwani kuti mazira ali pafupi kuikiridwa. Za mankhwala ndi kasinthidwe kake tifunse alangizi, osati wogulitsa pamsika.

Koma chachikulu ndi ichi, abale anga. Inu mungasamale dimba lanu bwinobwino, koma mnansi akasiya matimati akale ali chiimire, tigulugufe tonse tichokera kumeneko. Ndikupempha kuti kalabu yathu ipite kwa a mfumu, tigwirizane tsiku limodzi lozula zotsalira m'madimba onse a m'dambo lathu. Amene muli ndi mafunso, muwapereke kwa alembi kuti akawerengedwe pa pologalamu ya alimi.