Kabokosi Kopanda Cithunzi m'Kalata ya Imelo

Nkhani ya madzulo ano iri ya makalata a imelo, makamaka bvuto limodzi limene lisautsa anthu ambiri m'makomboni a mu Lusaka, monga ku Ng'ombe, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga. Munthu alandira kalata pa foni yace kapena pa kompyuta, naitsegula, napeza mau owerengeka cabe. Ndipo pamene payenera kukhala cithunzi pali kabokosi koyera kopanda kanthu. Akafunsa kwa odziwa, amsonyeza pokonzera, nakonza, zithunzi nizioneka. Koma pakuca m'mawa mwace kabokosi kaja kabweranso, monga ngati dzulo sanacitepo kanthu. Ambiri amati foni yafa, ndipo ena amafika pogulitsa foni yabwino-bwino pa mtengo wotaya.

Munthu wocokera ku Ng'ombe akadzera ku Kalundu, nadumpha mseu wa Great East Road, afika pa University of Zambia. Pa sukulu imeneyi ndi pamene panabadwira kampani ya ZAMNET, imene inalumikiza dziko la Zambia ku intaneti m'caka ca 1994. Makalata ambiri a masiku amenewo anali a mau okha-okha, ndipo cimene wolemba analemba ndi cimene wowerenga anaona. Lero kalata iri ndi zithunzi, ndipo zithunzi zace ziri za mitundu iwiri. Cina cimamangidwa pamodzi ndi kalata, monga cithunzi ca mwana coikidwa m'envulopu. Cimeneci cikafika cafika. Cina sicikhala m'kalata konse. Cimatsala kwa mwini wace, m'kompyuta yaikuru imene ingakhale ku Johannesburg kapena ku America, ndipo m'kalata mumangolembedwa njira yopita kumene ciri. Wowerenga akatsegula kalata, pulogalamu yace ya imelo ituma mthenga kukacitenga. Kabokosi koyera katanthauza kuti mthenga sanatumidwe, kapena anatumidwa nabwera cimanjamanja.

Tsono n'cifukwa ninji pulogalamu ikana kutuma mthenga? Akulu-akulu akumbukira kalata ya rejisitala ya ku positi, imene wolandira anali kusainira, kuti wotumiza adziwe kuti yafika m'manja mwa mwini wace. Cithunzi cakutali cigwira nchito yonga imeneyi, kusiyana kwace n'kwakuti wowerenga sadziwa kuti wasaina. Mthenga akafika kukapempha cithunzi, mwini cithunzi adziwa kuti kalata yatsegulidwa, ola limene yatsegulidwa, ndi kuti yatsegulidwa kangati; kawiri-kawiri adziwanso mtundu wa makina ndi dera limene wowerenga ali. Ena amaika m'kalata kacithunzi kocepa koposa njere ya mapira, kopanda maanga, kamene diso silingakaone, ndipo nchito yace ndi ukazitape wokha. M'caka ca 2021 a BBC analengeza zimene inapeza kampani ya imelo yochedwa Hey, kuti pa makalata atatu ali onse ofika kwa anthu ace, awiri anali ndi kacithunzi kotere. Wamalonda afuna kudziwa ngati malonda ace awerengedwa. Koma wakuba, amene amwaza makalata zikwi-zikwi ku maadiresi ongopeka, afuna kudziwa nyumba imene muli munthu, kuti abwerenso ndi bodza lokonzedwa bwino.

Cifukwa cace opanga mapulogalamu anatseka citseko mwadala. Outlook ya pa kompyuta inayamba kuletsa zithunzi zakutali m'caka ca 2003, ndipo Thunderbird icita cimodzi-modzi kufikira mwini wace atailola. Gmail, imene iri m'mafoni ambiri a Android, inasintha njira mu December 2013: a Google anayamba kukatenga okha zithunzi ndi kuzipereka kwa wowerenga, kotero kuti wotumiza saona dera la wowerenga kapena makina ace, ngakhale nthawi zina angadziwebe kuti kalata yatsegulidwa. A Apple anacita zonga zomwezi pa iPhone m'caka ca 2021. Motero kabokosi koyera kawiri-kawiri sikasonyeza kuonongeka kuli konse. Ali mlonda pa cipata, wofuna kumva kwa mwini nyumba ngati mlendo alowe.

Komatu mlonda wosauzidwa bwino abweza ndi mlendo wofunika yemwe. Anthu ambiri a ku Ng'ombe amagwira nchito m'nyumba za ku Roma ndi ku Kalundu, ena ulonda, ena m'maluwa, ena kucapa ndi kuphika. Ndipo ndi malipiro amenewo aphunzitsa ana kufikira Giredi 12. Ana amenewa tsopano alemba makalata opempha nchito ndi malo m'makoleji, ndipo mayankho amafika pa imelo. Maofesi ena akonda kukongoletsa makalata ao, nalemba tsiku, ola ndi malo a mayeso m'kati mwa cithunzi, m'malo molemba ndi mau wamba. Ici ndi cizolowezi coipa, ndipo amene acicita asaiwale kuti si onse owerenga makalata ao akhala m'ofesi ya intaneti yosatha.

Yerekezani mtsikana wa ku Ng'ombe amene walandira kalata yotere Lacisanu madzulo. Pamwamba pali mau omyamika cifukwa ca pempho lace, pansi pali kabokosi koyera. Amai ace afunsa kuti, "Nanga akuti ciani, mwananga?" Iye ayankha kuti, "Angothokoza cabe, Amai. Kapena adzalembanso." Nakhala cidikirire. Koma m'kabokosi muja munali mau akuti afike Lolemba pa 8 koloko ndi citupa cace ca kusukulu. Lolemba lipita, malo nkupatsidwa kwa wina, ndipo a ku ofesi aganiza kuti mwanayo analibe nayo nchito. Palibe amene ananama, palibenso foni imene inafa.

Wokomana ndi kabokosi ayambe wafunsa za bandulo, pakuti apa ndi pamene pagona mabvuto ambiri. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo ena a WhatsApp ndi Facebook okha. Mau a kalata angakhale analowa m'foni dzulo, pamene bandulo ya intaneti yonse inalipo. Lero mthenga wa cithunzi alibe ca paulendo. Ayese kutsegula tsamba liri lonse la intaneti. Likakana, mlandu suli wa imelo. Likatseguka, ayang'ane ngati kalata iri m'thumba lochedwa "Spam", cifukwa Gmail sisonyeza zithunzi za m'thumba limeneli, ngakhalenso za kalata iri yonse imene iikayikira, angakhale mwini foni analola zithunzi zonse. Anthu ambiri amene adandaula kuti zokonza zao zabwerera m'mbuyo ali pa bvuto ili: zokonza ziri comwe anazisiyira, koma kalata imodziyo ndiyo yokayikiridwa. Ndipo kukayika kwa makina kuyenera kulemekezedwa pang'ono, makamaka pa kalata yolonjeza nchito imene munthu sanaipemphe, kapena yofuna kuti atumize ndalama pa foni asanaonane ndi munthu ali yense.

Kalata ikakhala yocokera kwa odziwika, mankhwala ace ali pafupi. Pamwamba pa kalata pamakhala kamzera kopempha cilolezo, ndipo kukhudza pamenepo kutsegula zithunzi za kalata imeneyo yokha, kapena za wotumiza ameneyo masiku onse. Wofuna kusintha lamulo lonse pa Gmail ya pa foni alowe pa "Settings", asankhe dzina la akaunti yace, napeze mau akuti "Images". Pamenepo pali njira ziwiri, kusonyeza zithunzi nthawi zonse, kapena kufunsa poyamba. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi, njira yofunsa poyamba ndiyo yomsungira ndalama, popeza makalata a malonda amadza ndi zithunzi zolemera zimene zimadya bandulo yace pacabe. Kulola sukulu, ofesi ndi banki ali yense pa yekha kutenga kanthawi, koma kuposa kugwetsa mpanda wonse cifukwa ca mlendo mmodzi.

Tsopano za zokonza zimene sizikhalitsa. Funso lace ndi limodzi: kodi cimene munthu wasankha calembedwa kuti, ndipo ndani afafaniza? Pakuti makina saiwala okha monga aiwalira munthu. Zosankha za Gmail ya pa tsamba la intaneti zisungidwa kwa a Google, ndipo zitsata mwini wace kuli konse kumene alowera. Koma mapulogalamu onga Thunderbird ndi Outlook ya pa kompyuta amalemba zambiri m'kabuku kao m'kati mwa makina omwewo. Kabuku kakafafanizidwa, pulogalamu ibwerera ku makhalidwe amene inabadwa nao.

Wofafaniza woyamba ndi dzanja la pa nyumba pomwe. Foni ikadzaza ndi nyimbo ndi mavidiyo, mwana wodziwa zinthu aitenga kuti apezemo malo. Pa Android pali mau awiri oyandikana, "Clear cache" ndi "Clear data", amene mafoni ena amati "Clear storage". Oyambawo asesa zinyalala zokha. Aciwiriwo akokolola ndi zokonza za pulogalamu zomwe, ngakhale makalata eni ace atsala kwa a Google osaonongeka. Wokonza mafoni wa pa msika acitanso comweco pofuna kufulumira, ndipo akalephera afufuta foni yonse. Cotero munthu asapereke foni yace asanatsimikize kuti akumbukira mau ace acinsinsi olowera, pakuti alipo ambiri amene anataya adiresi imene analemba pa makalata onse opempha nchito, cifukwa ca kabokosi kamodzi. M'nyumba imene foni iri imodzi, yogwiritsa nchito atate, amai ndi ana, mumakhalanso maakaunti awiri kapena atatu, ndipo lamulo la zithunzi liri la akaunti iri yonse pa yokha. Wokonza pa akaunti ya mlongo wace asadabwe kuona yace isanasinthe.

Pa makompyuta olipiritsa, kumene anthu amapita kukasindikiza makalata ndi kujambulitsa zitupa, nkhani iri ina. Eni ace ambiri amaikamo pulogalamu yonga Deep Freeze, imene ibweza kompyuta monga inaliri nthawi iri yonse ikazimitsidwa ndi kuyatsidwanso. Acita bwino, cifukwa mwa njira iyi zinsinsi za wobwera m'mawa sizigwa m'manja mwa wobwera masana. M'maofesi akuru namo, woyang'anira makompyuta amaika lamulo lace pamwamba pa zofuna za kalaliki, ndipo kalaliki angasinthe kakhumi, lamulo la mkuruyo libwerera. Pamenepa palibe cokonza koma kukapempha kwa mwini lamulo.

Wofafaniza wina ndi magetsi. M'caka ca 2024 cirala cinacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, ndipo pofika mwezi wa September a ZESCO anali kuzimitsa magetsi maola 17 pa tsiku, m'madera ena koposa pamenepo. Kompyuta ya pa tebulo iribe batire longa la foni. Magetsi akapita izima pomwepo, monga nyali yopemereredwa ndi mphepo. Akapita pa nthawi imene pulogalamu iri kulemba m'kabuku kace, kabuku kangathe kuonongeka, ndipo pa kuyatsanso pulogalamu iyamba ndi katsopano kopanda kanthu. Woyenera kucita ndi kutseka pulogalamu bwino-bwino atangotha kusintha, naitsegulanso kuti aone ngati zagwira. Ndipo zikagwira, akope cikwama ca Thunderbird cochedwa "profile" pa fulashi, kuti tsiku la tsoka angocibwezera.

Koma pali kanthu kena kobisika koposa zonsezi, kamene kamapusitsa ngakhale anyamata odziwa makina. Makompyuta ambiri a m'makomboni ali ogwirapo kale nchito ku maiko ena, ndipo m'mimba mwa iri yonse muli kabatire kozungulira, kofanana ndi kandalama kasiliva, kolembedwa CR2032. Nchito yace ndi kuyendetsa wochi ya kompyuta pamene magetsi palibe. Kakatha mphamvu sikadziwika msanga, popeza kompyuta ikakhala yolumikizidwa ku magetsi wochi iyendabe. Tsiku limene magetsi azima ndilo limene wochi iiwala, ndipo kompyuta idzuka iri kuganiza kuti caka ndi ca kale lomwe. Tsono makompyuta akuru osunga zithunzi amadzizindikiritsa ndi citupa cokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera. Kompyuta yosokera caka iwerenga citupaco, niona kuti tsiku lace loyambira silinafike, nikana kulandira kanthu. Makalata amene analowa kale awerengeka, zithunzi zao zikana, ndipo kawiri-kawiri makalata atsopano omwe aleka kufika. Mwini wace afufuza m'zokonza za imelo tsiku lonse, pamene yankho liri pa ngodya ya pansi pa galasi, pamene palembedwa tsiku ndi ola. Akakonza tsiku zonse zibwerera. Magetsi akazimanso bvuto libweranso, kufikira atagula kabatire katsopano, kamene kamapezeka kwa okonza mawochi ndi ogulitsa zipangizo za makompyuta m'tauni. Foni nayo ikasokera tsiku icita comweco, ndipo pa foni mankhwala ace ndi kuilola kuti izitenga yokha nthawi kwa kampani ya mafoni.

Zikakhala kuti bandulo iripo, tsiku liri loona, cilolezo caperekedwa, koma kabokosi kakanabe, bvuto liri kwa wotumiza: wacotsa cithunzi kumene cinali, kapena kompyuta yace yagona. Cithunzi cakutali cikhala ca mwini wace kufikira kale-kale, ndipo cimene caoneka lero cingasowe sabata ya mawa. Cifukwa cace woitanidwa ku mayeso alembe tsiku, ola ndi malo m'kope nthawi yomwe waziona. Ndipo ngati sanazione konse, ayankhe kalatayo tsiku lomwelo ndi mau aulemu, kuti cithunzi sicinaoneke pa foni yace, napemphe kuti amlembere zomwezo ndi mau wamba. Loweruka likakhala pafupi, aimbe foni ku ofesiko asanaweruke.