KU NYANJA YA ITEZHI-TEZHI: WOPANDA GALIMOTO AKWERA CIANI?

M'dziko la Zambia muli malo awiri ochedwa Chunga. Oyamba ndi komboni ya mu Lusaka, kupitirira Matero, kumene anthu alawirira m'mamawa kuthamangira mabasi ang'ono a m'tauni. Aciwiri ali m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, m'kati mwa nkhalango yosungiramo nyama ya Kafue National Park, kumene kuli misasa ya alonda a nyama. Dzina ndi limodzi, koma anthu a ku Chunga wa mu Lusaka amene anapondako ku Chunga wa ku thengo ndi owerengeka.

Nkhalango imeneyi inakhazikitsidwa m'caka ca 1950, ndipo kukula kwace ndi makilomita 22,400 m'litali ndi m'lifupi. Cakumwera kwa msasa wa Chunga kuli nyanja ya Itezhi-Tezhi, imene inabadwa pamene anachinga mtsinje wa Kafue pakati pa 1974 ndi 1977. Anchito a m'migodi aidziwa bwino Kafue, pakuti ndi mtsinje womwewo umene upita pafupi ndi Chingola ndi Kitwe. Madzi osungidwa pa Itezhi-Tezhi ndiwo atsika kukazunguza makina a magetsi pa Kafue Gorge. M'nyanjamo muimirira mitengo youma imene inamizidwa ndi madzi, ndipo pa nthambi zace patera nkhwazi. Mvuu ndi ng'ona zirimo zambiri. M'cilimwe njobvu ndi njati zitsikira ku gombe kudzamwa.

Maiko ena ali ndi bvuto la kucuruka kwa magalimoto pa nyanja zotere. Ku Canada, m'nkhalango ya Banff, kuli nyanja yochedwa Moraine Lake, kumene malo oimikapo magalimoto anali kudzala kusanace. M'caka ca 1923 palibe akanaganiza zotero, koma pofika 2023 akuru a nkhalangoyo analetsa magalimoto a eni ace kuyenda pa mseu wa ku nyanjayo. Mlendo asiya galimoto yace pa bwalo lalikuru kutali ndi nyanja, nakwera basi imene anasungitsiratu malo.

Ku Itezhi-Tezhi malo oimikapo galimoto sasowa. Cosowa ndi galimoto yomweyo.

Munthu wa galimoto acoka mu Lusaka ndi mseu wa Mumbwa, umene upitirira kunka ku Mongu. Atapitirira Mumbwa apatukira kumanzere pa mphambano ya ku Itezhi-Tezhi, ndipo ulendo wonse uposa makilomita 300. Kummwera kwa cipupa ca damu kuli cipata ca Musa, pamene alipira msonkho wa munthu ndi wa galimoto padera. Nzika za Zambia zilipira zocepa kuposa alendo akunja. Kulinso mseu wa dothi wocokera ku Hook Bridge, wotsata mtsinje kudzera ca ku Chunga kufikira ku nyanja, koma umenewu ufuna galimoto yolimba, maka-maka m'dzinja. M'kati mwa nkhalango galimoto siima pali ponse pamene mwini wace wafuna kuti aturuke. Iima pa misasa ndi pa malo ololedwa, cifukwa mkango sudziwa kuti munthu wangotsika kukaongola miyendo. Mazenera nawonso afunika kutseka m'malo a kashembe.

Nanga bambo wa ku Chunga amene cuma cace ndi njinga? Mabasi ocokera ku Lusaka afika m'tauni ya Itezhi-Tezhi, ndipo nyanjayo angathe kuiona ali kunja kwa malire a nkhalango, pakuti gombe la kum'mawa siliri m'kati mwace. Koma basi ithera pomwepo. Mabasi a anthu onse salowa m'miseu ya nyama, ndipo kuyenda pansi popanda mlonda wa mfuti nkoletsedwa. Magalimoto ndi mabwato oonetsa nyama alipo, koma ndi a nyumba za alendo, ndipo mitengo yace anaikonzera matumba ena. Anthu okwera mabasi a ku Mongu amaonako njobvu pa zenera pamene adutsa m'nkhalango, osalipira kanthu, komanso osaima.

Apa ndiye pagona nkhani. Msonkho wocepa wa nzika uli ndi phindu lanji kwa munthu amene sangafike pa cipata? Kuyambira 2022 nkhalango ya Kafue iyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi dipatimenti ya Boma yoona za nyama, pa pangano la zaka 20. Basi imodzi yocokera m'tauni ya Itezhi-Tezhi pa Ciweru ndi pa Sondo, yokhala ndi mlonda m'kati, yolowa pa cipata ca Musa ndi kubwerako dzuwa lisanalowe, siingalemere akuru amenewa. A ku Canada anaika mabasi kuti acepetse khamu. Kuno angaikidwe kuti khamulo lifike.

Pakali pano njira iripo ndi yosonkha. Mpingo, sukulu, kapena anthu a cilimba angathe kubwereka basi yaing'ono pamodzi, nagawana mtengo wa mafuta ndi msonkho wa galimoto. Nthawi yabwino ndi kuyambira June kufikira October, miseu itauma ndiponso udzu utacepa. Ayenera kunyamuka mu Lusaka mbandakuca, kutenga madzi akumwa ndi kamba wokwanira, ndiponso zitupa zao, kuti pa cipata alipire monga eni dziko.