Mphamvu Sitayika: Phunziro la Madzi, Mtunda ndi Thukuta ku Maglas

Mawu okambidwa kwa alangizi a zaulimi ogwira ntchito m'matauni a migodi a chigawo cha Midlands, m'dziko la Zimbabwe

Munthu akaima m'komboni ya Maglas, m'tauni ya Zvishavane, choyamba kuona ndi milu ikuluikulu yotuwa ya zotsalira za mgodi wa Shabanie. Milu imeneyi sinamere yokha. Mwala uliwonse umene uli pamenepo unachokera pansi pa nthaka, ndipo unakwezedwa ndi makina ndi manja a anthu, ambiri a iwo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, amene anabwera kudzakumba asibesitosi. Boma linatenga mgodiwu m'chaka cha 2004, ndipo patangopita zaka zochepa ntchito yokumba pansi inaima. Makina opopa madzi atasiya kugwira ntchito, madzi anadzaza m'ngalande za pansi. Ana ndi zidzukulu za machona aja, ambiri ali ku Maglas komweko, ndipo kadimba ka ndiwo zamasamba kasanduka chinthu chodalirika pakhomo.

Anthu a kumigodi amadziwa bwino kuti kukweza chinthu cholemera kumafuna malipiro. Chimene mlangizi ayenera kuwathandiza ndi kuona kuti lamulo lomwelo likugwiranso ntchito pa madzi a m'munda.

M'maphunziro a sayansi, mawu akuti ntchito ali ndi tanthauzo lopapatiza kuposa la masiku onse. Ntchito imachitika pamene chinthu chakankhidwa kapena kukokedwa, n'kusuntha. Pokweza chinthu m'mwamba, kuchuluka kwa ntchitoyo kumapezeka pochulukitsa zinthu zitatu: makilogalamu a chinthucho, mamita amene chakwera, ndi nambala ya 9.8 imene imaimira kukoka kwa dziko. Yankho lake limatchulidwa m'majoule, dzina lokumbukira James Joule wa ku England, amene m'zaka za m'ma 1840 anaonetsa kuti ntchito ikhoza kusanduka kutentha popanda kanthu kotayika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Motero mayi wotunga ndowa ya malita 20 m'chitsime chakuya mamita 10 wagwira ntchito ya majoule 1,960. Mayi yemweyo akasenza ndowayo pa njira yosalala, buku la sayansi limati madziwo sanaonjezeredwe mphamvu ina iliyonse, ngakhale khosi lake likunena zina. Thupi limatopa ndithu, koma madziwo sanakwere, ndipo palibe chimene asunga.

Madzi amene akwezedwa amasunga ntchito ija. Iyi ndiyo mphamvu ya pamtunda. Akawamasula kuti atsike, mphamvuyo imasanduka mphamvu ya liwiro. Pakanakhala popanda chowatchinga, mphamvu ziwirizi poziphatikiza zikanakhala chimodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi: imene yachepa uku yachuluka uko. Madzi ogwa kuchokera pa mamita 5 akanafika pansi akuthamanga pafupifupi mamita 10 pa sekondi imodzi. M'munda weniweni madzi amakhulana ndi miyala, udzu ndi dothi, ndipo mphamvu ina imasanduka kutentha kochepa kosamveka m'manja. Koma ina imagwira ntchito imene mlimi sanaitume: kuzula dothi ndi kulinyamula.

Pano mpofunika kuchedwapo, chifukwa alimi ambiri amaona kukokoloka kwa nthaka ngati tsoka chabe. Milimita imodzi ya mvula pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Mvula yamkuntho ya mamilimita 30 imathira malita 300,000. Ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo layenderera pamwamba pa nthaka, n'kutsika mtsetse wa mamita 10, mphamvu imene yamasuka ndi majoule pafupifupi 10 miliyoni. Munthu wamkulu wathanzi, pogwira ntchito tsiku lonse mosadukiza, amatulutsa mawati pafupifupi 75, amene pa maola 8 amakwana majoule oposa pang'ono 2 miliyoni. Ndiye kuti mvula imodzi yokha, m'kanthawi kochepa, yabweretsa mphamvu yofanana ndi ya munthu wogwira khasu masiku anayi kapena asanu. Chigwembe chimene chimang'amba munda pakati chimakumbidwa ndi waganyu ameneyu, wosalipidwa ndiponso wosauzidwa pokumba.

Chinanso chofunika kuchigwiritsa ndi ichi: liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza kasanu ndi kanayi. N'chifukwa chake mzere umodzi waukulu wotchinga madzi kumunsi kwa munda umagumuka, pamene timizere tambiri toyambira kumtunda timapirira. Madzi ayenera kulandidwa mphamvu pang'onopang'ono asanasonkhane ndi kuthamanga.

Chitsanzo cha zimenezi sichili kutali ndi Maglas. Malemu Zephaniah Phiri Maseko, amene anabadwa mu 1927 ndi kumwalira mu 2015, anali mlimi wa kumudzi m'boma lomweli la Zvishavane. Atachotsedwa ntchito ya njanji m'zaka za m'ma 1960 kaamba ka ndale, anabwerera pa kamunda ka mahekitala pafupifupi atatu kamene kali m'munsi mwa thanthwe lalikulu. Dera limeneli limalandira mvula yochepa ndi yosadalirika, ndipo ikagwa pa thanthwe yonse imatsetsereka. A Phiri anamanga timipanda ta miyala m'mbali mwa thanthwelo kuti madzi azitsika mopumira. M'munsi mwake anakumba dziwe lowalandira, ndipo m'ngalande za m'munda anakumba maenje kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Migula imene boma la atsamunda linkakakamiza alimi kupanga inali yotaya madzi kunja kwa munda. Iwo anaisandutsa yosunga madzi. Mu 1987 anayambitsa bungwe la Zvishavane Water Project pofuna kugawana nzeruzi ndi alimi ena, ndipo mu 2006 analandira mphotho ya National Geographic yolemekeza otsogola pa ntchito yoteteza chilengedwe.

Iwo sankalemba majoule, koma zimene anachita zikugwirizana ndi lamulo lija mbali zonse ziwiri. Mbali yoyamba, mpanda uliwonse wa miyala unkadya liwiro la madzi, kotero mphamvu yake inkathera pa miyala m'malo mothera pa dothi. Mbali yachiwiri, imene alangizi amaiiwala kawirikawiri, ndi yakuti madzi oimitsidwa kumtunda amakhalabe ndi mphamvu yawo ya pamtunda. Amayenda okha pansi pa nthaka kulowera ku mbewu, ndipo m'zitsime amapezeka pafupi.

Phindu la chitsime chosaya likhoza kuwerengedwa. Dimba la mamita 20 m'lifupi ndi 25 m'litali, m'nyengo yotentha pamene likufuna mamilimita 5 pa tsiku, limamwa malita 2,500, ndiko kuti ndowa 125. Madziwo akamachokera pa mamita 8, ntchito yokweza yokha ndi majoule 196,000 tsiku lililonse. Akamachokera pa mamita 2, ndi majoule 49,000, gawo limodzi mwa magawo anayi. Kusiyana kumeneku kumagwera pa msana wa amayi ndi ana, popeza ndiwo amathirira nthawi zambiri.

Apa mlangizi achenjere ndi malonjezo a ogulitsa zipangizo. Palibe chipangizo chimene chimachepetsa ntchito yokweza madzi kutsika pa nambala ija. Gudumu ndi chingwe zikhoza kupepusa ndowa ndi theka, koma pamenepo chingwe chokoka chimatalika kawiri. Mjigo wa chogwirira chachitali umafewa m'manja, koma dzanja limayenda mtunda wautali. Thiredo pampu ndi yabwino chifukwa imagwiritsa ntchito miyendo, imene ili ndi nyonga kuposa mikono, ndiponso munthu satayanso nthawi kukweza ndowa yeniyeniyo ndi kuyenda nayo. Komabe siyamwa madzi akuya kupitirira mamita 7 kapena chapompo. Pampu ya dzuwa imachotsa ntchito pa munthu n'kuipereka kwa magetsi, koma chitsime chikazama kawiri, madzi otuluka pa tsiku amachepa pafupifupi ndi theka. Paipi yopapatiza, yaitali ndi yokhotakhota imadyanso gawo lake, ndipo mlimi amalipira gawolo ndi thukuta kapena ndi ndalama.

Ku Maglas, kumene nyumba zili zothithikana ndipo malo olima ndi ochepa, mtunda wopezekeratu ndi denga. Denga la mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi limagwira malita 300 pa mvula ya mamilimita 10, ndipo madziwo amakhala ali kale mamita awiri kapena atatu pamwamba pa dimba. Akawasiya kugwera pansi, mtundawo watayika ndipo adzafunika kuwatunganso. Akawalandirira mu mgolo wokhazikidwa pa nsanja yolimba, paipi yaifupi imawafikitsa pa bedi la ndiwo popanda wosenza. Nsanjayo ikhale yolimbadi, pakuti mgolo wa malita 200 ukadzaza umalemera makilogalamu oposa 200. Denga likakhala la asibesitosi lisapalidwe kapena kuboolidwa pomangirira ngalande, chifukwa fumbi lake limaononga mapapo. Pa chifukwa chomwecho, dothi lochokera ku milu ya mgodi lisatengedwe kukakwezera mabedi kapena kumangira migula.

Pokayendera mlimi, mlangizi ayambe wayenda naye kumtunda kwa munda asanayang'ane mbewu. Chingwe, timitengo tiwiri ndi levulo yaing'ono n'zokwanira kuyeza kuti malo atsika mamita angati kuchokera pamene madzi amalowera kufika pamene amatulukira. Nambala imeneyo ilembedwe m'buku la mlimi pamodzi ndi kuya kwa chitsime m'mwezi wa Okutobala, pamene madzi amakhala atatsikitsitsa, ndipo chaka chotsatira, mizere ndi maenje zitagwira mvula ya dzinja limodzi, chitsimecho chiyezedwenso mwezi womwewo.