Inshulansi ya mbewu: tifunse tisanasaine

Zaka 10 si masewera. Magulu ambiri amatha chaka chachiwiri chisanakwane, koma inu mudakali pamodzi. Dziwombereni m'manja.

A komiti anandipempha kuti ndinenepo za inshulansi ya mbewu, poti ena mwa inu mukufuna tilowe ngati gulu. Ndifotokoze mmene imapangidwira, kuti posankha musankhe mukudziwa.

Inshulansi imeneyi nthawi zambiri siyendera munda wa munthu ayi. Imayendera mvula. Akatswiri amatenga kaundula wa mvula wa zaka zambiri, wochokera ku nthambi yoona zanyengo kapena ku setilaiti, n'kuika mu pulogalamu ya pa kompyuta. Pulogalamuyo amaiuzanso mbewu yomwe alimi amabzala, nthawi yobzala, ndi madzi amene mbewuyo imafuna pomera, pomasula ndi pokhwima. Mvula ikachepera pa mlingo womwe anagwirizana, ndalama zimatuluka. Ikakwana, sizituluka, ngakhale chimanga chanu chitauma.

Asanayambe kugulitsa amayamba ayesa kaye. Amaibweza pulogalamu ija m'mbuyo n'kufunsa kuti: kodi chaka cha chilala cha 2005 ikanalipira? Ikakanika kuzindikira chaka chimene aliyense akuchikumbukira, ndiye kuti ili ndi vuto, ikonzedwe. Kenako amayesera pa alimi ochepa. Mu 2005, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse pamodzi ndi NASFAM anayesera pa alimi a mtedza 892 a m'madera a Lilongwe, Chitedze, Kasungu ndi Nkhotakota, ndipo ankangotenga okhala pafupi ndi malo oyezera mvula. Bungwe la WFP nalo linayambira ku Balaka lisanafike maboma ena. Komanso kampani iliyonse ya inshulansi iyenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi.

Koma ngakhale zoyesedwa zimaphonya. Mu nyengo ya 2015/16 boma lathu linagula inshulansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity. Mukukumbukira mmene dzuwa linawombera chaka chimenecho. Anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, koma pulogalamu yawo inati ovutika ndi ochepa, palibe cholipira. Atafufuza m'midzi anapeza kuti kompyuta inauzidwa kuti alimi amabzala chimanga cha masiku 120 mpaka 140, pomwe ambiri anali atasinthira ku chocha msanga cha masiku 90. Ng'amba inagunda nthawi yomwe chocha msangacho chimafuna madzi kwambiri. Atakonza, analipira 8.1 miliyoni ya ndalama za ku America mu Januwale 2017, njala itafika kale m'makomo.

Mwaona eti? Kompyuta imadziwa zomwe yauzidwa basi. Amene amadziwa za munda wa ku Milepa ndi inu.

Ndiye wogulitsa inshulansi akabwera, timufunse mafunso awa. Mvula yathu muziyezera kuti? Paja kuno imagwa tsidya ili, tsidya linalo kuli gwa. Mwaika mbewu yanji, ya masiku angati? Nanga nandolo wathu alimo? Kodi mukulipira chilala chokha, kapena ndi madzi osefukira omwe? Funso limeneli ndi lalikulu, chifukwa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatikokolera minda kuno ku Chiradzulu, ndipo inshulansi ya chilala siilipira zotere. Chomaliza, ndalama zimabwera patatha masiku angati, ndipo zimadzera kwa ndani? Akayankha, atilembere papepala, m'Chichewa. Safunsa anadya phula.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Ndikupempha kuti kalabu iliyonse ikhale ndi kope, muzilemba tsiku lobzala, mtundu wa mbewu ndi matumba omwe mwakolola. Tigulenso choyezera mvula chathuchathu, tisankhe munthu mmodzi aziwerenga m'mawa uliwonse. Tsiku lina akadzati mvula inakwana, ife tidzatsegula kope lathu.

Inshulansi silowa m'malo mwa manyowa, akalozera ndi kubzala pa nthawi yake. Koma ikapangidwa bwino, chaka choipa simugulitsa mbuzi kuti mubweze ngongole ya feteleza. Nkhaniyi tikaikambirane m'makalabu mwathu, tibwere ndi yankho pa msonkhano waukulu ukubwerawu.