Amisiri Akapanda Kumvana, Nyumba Imalipiridwa Kawiri

Lero tikambirana za kumanga nyumba, ndipo ndifuna kuti tipite pamodzi ku Chipangali, kumpoto kwa mzinda wa Chipata, kumene kumadutsa msewu wopita ku Lundazi. Dera limeneli linali mbali ya boma la Chipata kufikira chaka cha 2018, pamene linapatulidwa ndi kukhala boma lapalokha. Boma latsopano limafuna nyumba zatsopano, za aphunzitsi, za anamwino ndi za antchito a khonsolo. Alimi nawonso akagulitsa fodya, thonje, soya kapena chimanga, ambiri a iwo amayamba kuumba njerwa. Ndiponso m'chaka cha 2022 ndalama za chitukuko zotchedwa CDF zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, ndipo zina mwa ndalamazo zimamangira makalasi ndi nyumba za aphunzitsi. Chotero ndikhulupirira kuti nonsenu munaonapo mulu wa mchenga ndi ng'anjo ya njerwa pafupi ndi kwanu.

Makolo athu pomanga nyumba ya mitengo ndi udzu sanali kuvutika kumvana. Amuna anali kudula mitengo ndi luzi, akazi anali kumweta udzu ndi kuzira pansi, ndipo onse anali anthu a mudzi umodzi, ogwira ntchito pa bwalo limodzi. Denga likatha kumangidwa pansi, anali kuitanizana kuti alikweze pamodzi, ndipo n'chifukwa chake tili ndi mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga.

Nyumba ya njerwa ndi malata ili ndi amisiri osiyanasiyana. Pali womanga, amene amakumba maziko, kuthira konkire ndi kukweza zipupa. Pali wa mapaipi, amene amakonza njira ya madzi olowa ndi otuluka. Pali wowotcherera zitsulo, amene amapanga mafelemu a mazenera ndi zitseko. Pali kalipentala, amene amakhoma mapaso ndi malata. Pali wa magetsi, amene amalowetsa nthambo m'zipupa nyumba isanalumikizidwe ndi a ZESCO. Aliyense wa iwo amabwera pa nthawi yake, amalipidwa payekha, ndipo nthawi zina amachoka osaonana n'komwe ndi mnzake womutsatira. Komatu ntchito ya aliyense imatsamira pa ntchito ya mnzake, ndipo apa ndi pamene pamayambira mavuto.

Ndikusimbireni za nyumba ya amalume anga, amene anaphunzitsa ana kwa zaka zambiri, ndipo atapuma pa ntchito anabwerera kwawo ku Chipangali kukamanga ndi ndalama zawo za penshoni. Anali ndi pulani yabwino ya zipinda zogona zitatu, khichini, bafa ndi chimbudzi cha m'kati. Amisiri amene anawalemba sanali aulesi, ndipo aliyense anali kuidziwa ntchito yake.

Cholakwa choyamba chinachitika pansi. Mapaipi otulutsa madzi oipa a m'bafa ndi m'chimbudzi ayenera kugonekedwa m'nthaka konkire isanathiridwe, ndipo ayenera kukhala otsetsereka pang'ono kuti madzi aziyenda okha. Womanga anaganiza kuti wa mapaipi adzabwera nyumba ikatha. Wa mapaipi anali kudikira kuti aitanidwe. Palibe anafunsa mnzake. Konkire inathiridwa, inathiriridwa madzi sabata lathunthu monga mwa lamulo lake, ndipo inalimba bwino. Ana inu mudziwe kuti konkire imafika pa mphamvu yake yoyembekezeka pakapita masiku 28. Wa mapaipi anafika patapita miyezi iwiri, ndipo anatha masiku 4 akuswa pansi ndi nyundo ndi tchizulo. Pulasitiki imene inayalidwa kunsi kuti itchinge chinyezi inang'ambika, ndipo chigamba chimene anamatapo chili ndi mng'alu kufikira lero.

Cholakwa chachiwiri chinali cha mazenera. Womanga anasiya mipata ya mafiti 5 m'lifupi ndi mafiti 4 kuchokera pansi kupita m'mwamba. M'malo molemba pa pepala, anatuma mnyamata kwa wowotcherera zitsulo ku Chipata ndi mawu apakamwa. Mnyamatayo manambala anawasunga bwino, koma anawatembenuza. Mafelemu 6 anabwera ali oimirira pamene mipata inali yogona. Kuwatembenuza sikunatheke, pakuti zotsekulira zikanayang'ana kumwamba. Anawabweza kuti akadulidwe ndi kuwotchereredwanso, ndipo amalume analipira galimoto maulendo atatu m'malo mwa umodzi.

Cholakwa chachitatu ndicho chinapweteka koposa. Tsiku lina amalume anaona kuti khonde ndi lochepa, ndipo anagwirizana ndi womanga kuti alikulitse ndi masentimita 60. Anakambirana ali chiimire pabwalo, ndipo pulani sanaikonze. Kalipentala anali atawerengera kale malata ndi matabwa kuchokera pa pulani yakale ija. Malata akutsogolo anafika operewera, ndipo ogulitsa anakana kuwalandiranso chifukwa anali odulidwa pa muyeso umene anauzidwa. Pamene amalume anali kufunafuna ndalama zina, mwezi wa Novembala unakwana ndipo mvula inayamba. Matabwa amene anali pamtunda anapindika, ndipo matumba 6 a simenti amene anasungidwa m'chipinda chopanda denga anauma gwa ngati mwala.

Taganizirani za matumba amenewo. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50, ndiye kuti anatayika makilogalamu 300. Simenti yopangidwa ku Chilanga, pafupi ndi Lusaka, imayenda makilomita oposa 500 pa msewu wa Great East kuti ifike ku Chipata, ndipo mtengo wa ulendowo amalipira ndi wogula. Simenti ikangouma siibwereranso mwakale.

Cholakwa chachinayi mwina mwachiganizira kale. Denga litatha, womanga anafulumira kupaka pulasitala kuti alandire malipiro ake otsiriza. Wa magetsi anapeza zipupa zosalala, ndipo anayenera kuzigoba mizere kuti akwirire timapaipi todutsamo nthambo. Womanga anaitanidwanso kudzamata, ndipo analipiridwanso.

Tsono tiwerenge zimene zinatayika. Choyamba ndi ndalama, pakuti ntchito yogumula imalipiridwa ndipo ntchito yokonzanso imalipiridwa. Chachiwiri ndi nthawi. Nyumba imene inayenera kutha mvula isanagwe inatha chaka chotsatira, ndipo miyezi yonseyo amalume anali kulipira lendi kwina. Chachitatu ndi kulimba kwa nyumba, chifukwa malo ogumulidwa ndi kumatidwanso ndiwo amayamba kung'aluka ndi kulowetsa chinyezi ndi chiswe. Chachinayi ndi ubale. Womanga ananena kuti wolakwa ndi kalipentala, kalipentala ananena kuti wolakwa ndi mwini nyumba, ndipo anthu amene anali kudyera mbale imodzi analeka kupatsana moni. Onani kuti m'nkhani yonseyi palibe amene anaba kanthu. Chimene chinasowa ndi mawu ochepa onenedwa kapena olembedwa pa nthawi yake.

Musaganize kuti izi zimachitika kumidzi kokha. Pa 17 Julayi 1981, mu mzinda wa Kansas City ku America, timilatho tiwiri ta m'kati mwa hotela ya Hyatt Regency tinagwera anthu amene anasonkhana pa dansi, ndipo anthu 114 anafa. Ofufuza anapeza kuti kampani yopanga zitsulo inasintha kalumikizidwe ka ndodo zachitsulo zokolekera timilathoto, m'malo mwa ndodo imodzi yaitali inaika ziwiri zazifupi. Kusinthako kunachititsa kuti mfundo imodzi isenze katundu wowirikiza kawiri. Mainjiniya anavomereza osawerengeranso. Anthu amenewo anali ophunzira kwambiri, koma cholakwa chawo chikufanana ndi cha khonde la amalume: chinthu chinasinthidwa, ndipo amene anayenera kuona zotsatira zake sanazione.

Kodi mavuto otere angapewedwe bwanji? Amisiri odziwa ntchito amatsata malamulo asanu, ndipo ndikupemphani kuti muwalembe m'makope mwanu.

Loyamba: ntchito isanayambe, mwini nyumba aitane amisiri onse tsiku limodzi pa malo omangapo, aone pulani pamodzi ndi kupangana za amene adzayambe ndi amene adzatsatire.

Lachiwiri: pakhale pulani imodzi yosungidwa pa malo a ntchito. Chinthu chikasinthidwa, chilembedwe pa pulaniyo tsiku lomwelo, ndipo amisiri onse auzidwe.

Lachitatu: muyeso ulembedwe pa pepala, ndi dzina lake lomwe. Amisiri ena amayeza m'mafiti ndi mainchesi, ena m'mamita ndi masentimita. Fiti imodzi ndi masentimita 30.48. Munthu akangonena kuti “atatu”, wina adzamva mafiti 3, amene ndi masentimita 91, pamene wina adzamva mamita 3, amene ndi masentimita 300.

Lachinayi: musanakwirire kanthu, funsani. Konkire isanathiridwe, wa mapaipi anene kuti watha. Pulasitala isanapakidwe, wa magetsi anene kuti watha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Lachisanu: pakhale munthu mmodzi, kapitawo kapena mwini nyumba yemwe, amene uthenga uliwonse umadzera kwa iye. Masiku ano ambiri ali ndi foni, ndipo chithunzi cha tepi itatambasulidwa pa mpata wa zenera chimafika ku Chipata m'kamphindi. Koma foni imathandiza munthu amene wakumbukira kuti mnzake ayenera kuuzidwa.

Ena mwa inu mudzaphunzira ntchito zamanja pa sukulu ngati Chipata Trades Training Institute, pansi pa bungwe la TEVETA, ndipo mukadzafuna kumanga nyumba za boma mudzalembetsa ku National Council for Construction, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003. Koma maphunziro ake ayamba kale m'kalasi mwanumo. Pamene aphunzitsi akukuuzani kuti mulembe “cm” kapena “m” patsogolo pa nambala, pamene akukuuzani kuti mubwereze zimene mwatumidwa musananyamuke, akukuphunzitsani zimene zikanapulumutsa mazenera a amalume anga.

Kwa inu aphunzitsi, ndili ndi ntchito ziwiri zoti muchite ndi ana sabata ino. Yoyamba, ndandalitsani ana 6 pamzere. Nong'onezani woyamba muyeso wa zenera, kutalika ndi kufupika kwake, ndipo aliyense anong'oneze mnzake kufikira wotsiriza, amene ajambule zeneralo pa bolodi. Kenaka bwerezani, koma muyeso ulembedwe pa kapepala. Ana afanizire zithunzi ziwirizo ndi kunena okha chimene aona. Yachiwiri, ngati pafupi ndi sukulu pali nyumba imene ikumangidwa, pemphani chilolezo kwa mwini wake, ndipo mupite ndi ana kukaona, ataima patali ndi makwerero ndi maenje. Afunse mmisiri amene ampeze mafunso awa: Ndani anagwira ntchito pano inu musanabwere? Ndani adzabwera inu mukachoka? Kodi mwamuuza chiyani?

Ndipo inu ana, nayi samu yopita nayo kunyumba. Womanga amalipidwa masiku 3 pomata chipupa. Wa magetsi akugoba chipupacho masiku 2, ndipo womanga akubwereranso masiku 2 kudzakonza. Kodi mwini nyumba walipira masiku angati onse pamodzi? Nanga wa magetsi akanaika timapaipi take tsiku limodzi lokha pulasitala isanapakidwe, masiku olipiridwa akanakhala angati? Mayankho anu muwaonetse aphunzitsi mawa m'mawa, ndipo makolo anu akadzayamba kuumba njerwa, muwawerengere malamulo asanu aja.