Timabala Titatu, Koma Kuchira Kwake Ndi Kwa M'kati

Ambiri mwakhala mukufunsa kuti ndinasowera kuti mwezi wathunthu. Ena mwamva kale mphekesera zoti ndinakachotsa mimba. Lero ndati ndikuuzeni ndekha.

Kuyambira ndili Fomu 2, msambo ukafika ndinkamva cham'mimba choopsa mpaka kusanza, ndipo ndinkajomba kusukulu mwezi ndi mwezi. Kunyumba ankangoti, "Pirira, ukadzabereka zidzatha." Kuchipatala china anandipatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana kawiri konse, koma ululu osasintha. Kenako dokotala wa matenda a amayi anati akuganizira endometriosis.

Kodi ndi matenda anji amenewa? Timinofu tofanana ndi ta m'kati mwa chiberekero timamera kunja kwa chiberekero, n'kumatupa ndi kupweteka makamaka nthawi ya msambo. Bungwe la WHO limati amagwira mayi kapena mtsikana mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka, anthu pafupifupi 190 miliyoni padziko lonse. Mumvetse bwino apa: si matenda opatsirana pogonana. Ngakhale mtsikana amene sanagonepo ndi mwamuna amadwala.

Opaleshoni yomwe anandichita amaitcha laparoscopy. Sang'amba mimba yonse ayi. Anandigonetsa ndi mankhwala, n'kuboola timabowo titatu, kamodzi pamchombo, kalikonse kosapitirira sentimita imodzi. Amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti aone bwino, n'kulowetsa kakamera ndi tizipangizo tochotsera timinofu tija. Mawa lake ananditulutsa.

Chodabwitsa, chomwe chinandipweteka kwambiri masiku awiri oyamba ndi phewa! Ndinachita mantha, koma anamwino anali atandiuza kale kuti ndi mpweya wotsalira uja, ndipo kuyendayenda pang'onopang'ono kumathandiza. Mimba inali yotupa, thupi lofooka, tulo tokhatokha.

Vuto lenileni linabwera tsiku lachisanu. Azakhali ataona timabandeji tating'ono anati, "Iwe, timabala iti ndi togonera? Tenga ndowa ukatunge madzi." Ine poopa kuoneka waulesi ndinasenza. Usiku umenewo sindinagone ndi ululu. Titabwerera kuchipatala ndi azakhali omwewo, dokotala anawafotokozera kuti kunja kukuoneka pang'ono, koma ntchito yaikulu inachitika m'kati, ndipo m'katimo mumatenga masabata kuti muchire. Azakhali anangoti, "Pepa mwana wanga, sindimadziwa." Kuchokera tsiku limenelo madzi ankatunga ndi mchimwene wanga.

Ndiye ngati m'bale wanu kapena mnzanu wachitidwa opaleshoni yotere, kumbukirani izi. Asanyamule zolemera, kusinja kapena kulima mpaka achipatala atamulola. Ayende pang'ono tsiku lililonse, amwe madzi ambiri, ndipo pabala pazikhala poyera ndi pouma. Akatentha thupi, bala likamatuluka mafinya, akamataya magazi ambiri, kapena ululu ukamakula m'malo mochepa, musadikire, thamangirani kuchipatala.

Ndisakunamizeni, opaleshoni sithetseratu matendawa, amatha kubwereranso. Kutenga mimba nakonso si mankhwala ake. Ine panopa ndikumwa mapiritsi a mahomoni, omwe aja olera, chifukwa amachepetsa ululu. Ndiye mukawaona m'chikwama mwanga musayambenso nkhani ina!

Atsikana anzanga, cham'mimba chokulepheretsani kupita kusukulu kapena kugeni si chopirira mwakachetechete. Lembani masiku omwe mukumva ululu, mukaonetse kuchipatala, ndipo zikapanda kusintha mubwerereko. Nanunso anyamata, mlongo wanu akagona ndi ululu musamuseke, nyamulani ndowa ija.

Kukalabu kuno timaphunzitsana kuti kusalana kumapangitsa munthu kubisa matenda. Inenso mphekesera zija zinandipweteka kuposa mabala. Mnzathu akasowa, tiyeni tikamuone tisanayambe kumunena.

Amene ali ndi funso afunse, ndipo wamanyazi andipeze tikaweruka.